Tsitsi Linatsala Theka

Ndinamuchenjeza mdzukulu wanga tsiku loyamba lomwelo. "Iwe, mwamuna amene ntchito yake ndi kulowa m'nyumba za anthu adziwa zitseko zambiri. Yako si yoyamba." Anangoseka. "Agogo, inu mumaopa ngakhale ketulo."

Mwanayo amamata tsitsi logula pakhomo pathu pano. Ali ndi kamfuti kamagetsi kamene amalowetsamo kamtengo ka guluu. Kakatentha, guluu amasungunuka, iye nkudonthezera pa nsonga ya tsitsi logula, nkulimata pa tsitsi la munthu, pang'onopang'ono mpaka mutu wonse. Kamfutiko ndiko kanawotcha soketi ya pabalaza, nkutibweretsera wamagetsi uja.

Soketi anakonza kanthawi kochepa, koma tiyi anamwa makapu awiri. Sabata isanathe foni ya mwanayo inali kulira ngati yadwala. Ine sukulu sindinapondeko, koma mauthenga a mwamunayo ankandiwerengera yekha, mano onse pamtunda.

"Nyali yanga, popanda iwe mtima wanga ndi nyumba yodulidwa magetsi."

"Kwawo ukukudziwa?" ndinafunsa. "Mayi ake unawaona?"

"Ati posachedwa, agogo."

Mwamunayo anamugulira tsitsi lalitali, lakuda bii, lofika m'chiuno. "Usunge," anatero. "Udzamate tsiku lomwe ndidzakuveke mphete." Mwanayo analikulunga m'nsalu nkuliika pansi pa sutikesi. Lamlungu lililonse ankalitulutsa kungolipesa.

Patapita miyezi inayi, mwamunayo anaimba. Ati mchemwali wake ali ndi phwando mkuja, tsitsi labwino lasowa m'masitolo. "Mumate lija, nyali yanga. Lako ndikugulira lina loposa pamenepo."

"Usalole," ndinatero. "Mphatso sibwerera njira yomwe inadzera."

"Agogo, wachibale wake woyamba kumuona ndimubweze?"

Anakolopa nyumba kawiri. Mtsikanayo anafika m'mawa, waulemu, anandigwadira bwinobwino, kenako anatembenukira kwa mdzukulu wanga. "Alamu, muli bwanji?" "Ndili bwino alamu, khalani apa." Mlendoyo ndinamuyang'ana mphuno, ndinamuyang'ana makutu. Panalibe pofanana ndi wamagetsi ngakhale pamodzi. Ndinakhosomola, koma mdzukulu wanga anandiponyera diso.

Ntchitoyo ndi yaitali. Ankagawa tsitsi ndi chipeso, kudontheza guluu, kupotokola ndi zala, kutenga lina. Mlendoyo anawerama, manja onse awiri atagwira timitolo ta tsitsi kuti tisasokonekere. Pofika masana mbali ya kumanzere inali itatha, yokongola zedi.

Foni ya mlendoyo inalira pa tebulo.

"Alamu, tandiwerengereni, manja anga agwira. Ndi achimwene anuwo, sapirira."

Achimwene anu? Ndinatchera khutu. Mdzukulu wanga anawerama, kamfuti kali m'dzanja, nayamba kuwerenga mokweza.

"Nyali yanga, mphete ndatenga, mawa ndikuveka pamaso pa anthu onse. Msuweni wangayo usacheze naye kwambiri, mutu wake suyenda bwino, amauza aliyense kuti ndine..."

Mawu anathera pomwepo.

Mlendoyo anaseka. "Pepani alamu, ndi nthabwala zake. Inu mukuwadziwa kuposa ine, si munakulira limodzi?"

"Inu si mchemwali wake?"

"Mchemwali? Iwo alibe mlongo. Paja inu ndinu mwana wa azakhali awo?"

Ine maso anga anali pa kamfuti kotentha kaja, kali pamwamba pa khosi la mwana wa eni ake.

"Tsitsi limeneli," anatero mdzukulu wanga motsitsa mawu, "ndalipesa miyezi inayi."

Mlendoyo anadzuka, timitolo tonse mbwee pansi. Anadziyang'ana pagalasi, mbali ina lofika m'chiuno, mbali ina lake lalifupi. Anagwira lomatidwalo nkukoka. Guluu woti wauma sachoka ndi mkwiyo. Linazuka ndi lake lomwe, ndipo analira ngati kamwana. Anakulunga mutu ndi thaulo lathu natuluka, nsapato zili m'manja.

Pamenepo mpamene ndinamva fungo. Mdzukulu wanga anali chiimire, chala chikadali chofinya kamfuti, guluu wotentha akudontha pa dzanja lake lamanzere. Sankamva kanthu.

"Mwana iwe, ukupsa!"

Ndinazula chingwe pa soketi ija, nkumuviika dzanja m'madzi ozizira. Guluu anachoka ndi khungu.

Bala linapola patatha milungu itatu. Chipsera chinatsala pa chala chachinayi, pomwe ankayezera mphete ndi kaulusi.