Chimene Amalume Goliati Anamva M'chigayo

Modester anakhala pa njerwa kuseri kwa milu ya tomato, maso ali pamsewu waukulu wodutsa pa Phalula. Sikuti ankadikira ogula ayi. Ankawerenga galimoto.

"Ambuye," ananong'ona, "ngati Brighton akunena zoona, yachitatu ikhale yoyera."

Inadutsa lole ya simenti. Inadutsa minibasi yolowera ku Balaka. Yachitatu inabwera yofiira psuu, ngati tomato amene ankagulitsayo. Modester anakanda m'mutu. Mwina lole siwerengedwa, anadziuza yekha, nayambiranso.

Nkhani yake inali iyi. Atangomaliza mayeso a Fomu 4, anapita ndi achinyamata a mpingo wawo kumsonkhano ku Ntaja. Kumeneko anakumana ndi Brighton, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, yemwe ankaimba besi mu kwaya. Akatsegula pakamwa, Modester ankamva ngati benchi imene wakhalapo ikunjenjemera. Anapatsana manambala, ndipo patatha masabata atatu Brighton anaimba foni ndi mawu otsika.

"Mode, ndinasala kudya masiku awiri. Mulungu wandiuza kuti mkazi wanga ndiwe. Loweruka masana ndidzakupeza pa sitolo ya buluu ija, tidzapite kwathu. Koma usauze munthu. Zauzimu anthu akunyumba sangazimvetse."

Tsopano linali Lachisanu. Kachikwama kake kanali kolongedza kale, kobisidwa pansi pa bedi. M'maganizo mwake anali atamanga kale kanyumba ka malata ku Ntaja, ataika makatani achikasu ndi maluwa pakhomo. Chinatsala chinali chimodzi chokha. Ankafuna kuti Mulungu amuuzenso iyeyo. Kutchalitchi anthu ankaimirira n'kumati, "Ambuye anandilankhula," koma iye chibadwire sanamvepo ngakhale kutsokomola kochokera kumwamba. Lachitatu anayesa kusala kudya, koma pofika teni koloko fungo la zigumu linamugonjetsa. N'chifukwa chake anatembenukira ku galimoto, nazonso zinkangosinthasintha mitundu.

"Iwe Mode!" anaitana mayi ake akuchokera kunyumba. "Ogula akudutsa, iwe uli yasaa kuyang'ana msewu. Choka apo ndikhalepo ine. Senza chimanga chili pakhondecho ukagayitse kwa amalume ako magetsi asanathime."

Amalume akewo anali a Goliati, munthu wamfupi kwambiri moti alendo akamva dzinalo ankayamba ayang'ana pamwamba pa mutu wawo kufuna mwini wake. Anagwira ntchito pachigayo chimenecho zaka khumi ndi zinayi. Tsiku lonse ankakhala oyera mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze. Kutchalitchi sankalalikira. Ankangofika m'mamawa, kusesa, n'kukhala benchi ya kumbuyo.

Modester anapeza mzere wa amayi ndi mabeseni awo. Chigayo chinkabangula moti wina akafuna kulankhula ankachita kukuwira m'khutu la mnzake. A Goliati ankathira chimanga mwakachetechete. Mwadzidzidzi anapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi, nalumpha kukazimitsa makina. Kunati zii.

"Aa! A Goliati, mwatani kodi?" anadandaula mayi Halima, amene chimanga chawo chinali chitalowa theka. "Magetsi alipo, inu mukuzimitsa? Akathima mutipatsa ufa wa kunyumba kwanu?"

"Pepani mayi Halima, chadwala."

"Chadwala? Chakuuzani chokha?"

"Eya, chandinong'oneza."

Amayi onse anaseka. "Chikanong'onezanso muchifunse ngati chikufuna phala," anatero mayi Halima.

A Goliati anatenga sipanala, natsegula chivundikiro, napisa dzanja mkati. Posakhalitsa anatulutsa bawuti imene inatsala pang'ono kuchoka, naikweza m'mwamba kuti onse aione.

"Iyi ikanaguluka, ikanaboola sefa. Phala lanulo mukanamwa la zitsulo."

Kuseka kunatha. Modester anasendera pafupi pamene amalume ake ankamanga bawutiyo.

"Amalume, m'phokoso lonse lija mwamva bwanji? Ine ndimangomva guuu basi."

"Inenso chaka choyamba ndinkangomva guuu. Ndinang'amba masefa anayi, abwana anatsala pang'ono kundithamangitsa." Anapukuta thukuta, nasiya mzere wakuda pamphumi poyera. "Palibe matsenga apa, mphwanga. Ndimakhala nacho m'mawa uliwonse. Ndikudziwa m'mene chimalirira chikakhala bwino. Ndiye kachilendo kakalowa, ngakhale kachepe bwanji, khutu limakana."

Modester anayang'ana zala zake. "Nanga Mulungu amakulankhulani inu?"

A Goliati anamuyang'ana kanthawi. "Ndi mabingu iyayi, sanayambe. Koma ndakhala naye nthawi yaitali kuposa chigayochi, ndiye ndimadziwako zimene amakonda kunena ndi zimene sanganene. Ndikalowera kolakwika, pamakhala kenakake muno," anagunda pachifuwa, ufa n'kufumbuka, "kosachita phokoso, koma kosasiya. Wafunsiranji?"

"Palibe, amalume."

"Chabwino. Sendeza beseni lako."

Chigayo chinayambanso kubangula. Modester anatsinzina, kuyesa kumva chimene amalume ake ankamva. M'makinamo sanatolemo kanthu. Koma mkati mwake, pansi pa makatani achikasu ndi besi ya Brighton, munali kanthu kakugogoda. Usauze munthu. Usauze munthu. Anazindikira kuti sikanayambe lero. Kanayamba tsiku lomwe lija la foni, ndipo nthawi zonse kakagogoda iye ankathamangira kumsewu kukawerenga galimoto.

Anasenza ufa wake, nayenda pang'onopang'ono. Anakumbukira zonse zimene anamva za Mulungu kuyambira ku Sande sukulu, nyimbo zimene mayi ake ankaimba akuchapa, mapemphero a pamkeka asanadye. Anafufuza monsemo Mulungu wouza mwana kuti azembe mayi ake masana dzuwa likuswa mtengo. Sanamupeze.

Loweruka masana Brighton anafika pa sitolo ya buluu atavala shati yoyera, njinga yake yotsukidwa bwino. Mtima wa Modester unadumpha monga kale. Mnyamatayo anali wooneka bwino ndithu, zimenezo sizinasinthe.

"Mode wanga! Chikwama chili kuti?"

"Chili kunyumba."

"Thamanga ukatenge. Ntaja ndi kutali."

"Brighton, ukuchiona chigayo icho? Muli amalume anga. Tiye tikawauze zimene Mulungu wakuuza. Akamva, adzakuuza tsiku loti ubwere ndi akwanu."

Brighton anaseka, koma maso ake sanaseke nawo. "Zaankhoswe zimenezo ndi zakuthupi. Ndinakuuza kale. Kodi ukukayikira Mulungu?"

"Iyayi, Mulungu sindikumukayikira," anatero Modester. "Ndikungodabwa kuti anakuuza dzina langa, koma njira ya kwa amalume anga sanakulozere. Ndi pafupi pomwepa, sitikweranso njinga."

"Mode, mwayi ngati uwu subwera kawiri. Ukachedwa, dalitso limapita kwa wina."

"Ngati ndi langa, lidikira kuti amalume asambe m'manja."

Brighton anayang'ana chigayo chija, nayang'ana foni yake, nagwedeza thanki ya njinga. "Petulo wachepa. Ndikathire kaye, ndikubwera pompano."

Analiza njinga nalowera cha ku Balaka. Modester anaima pamthunzi wa sitoloyo mpaka mthunziwo unasuntha n'kumusiya padzuwa. Inadutsa galimoto yoyera, inanso yoyera, yachitatu yoyeranso mbee. Anangoziyang'ana, naseka pang'ono, misozi ili m'masaya. Kanyumba ka malata kaja kanagwa mwakachetechete, ndipo kugwa kwake kunawawa. Koma kanthu kogogoda kaja kanali katasiya.

Sanapite kunyumba. Anapita kuchigayo. Anthu anali atachepa, ndipo a Goliati anakhala pa benchi pakhomo, khutu lili kumakina amene ankamaliza chimanga cha mayi wina.

"Mlendo wa shati yoyera uja wapita osatipatsa moni?" anafunsa osamuyang'ana.

Modester anadzidzimuka. "Munamuona?"

"Chigayochi chili ndi windo."

Mtsikanayo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndikuuzani zonse, amalume. Amayinso ndikawauza. Koma ndikhale kaye pang'ono."

A Goliati anasendera, namusiyira malo pa benchi. Anakhala awiriwo pamenepo, ufa ukuwagwera pang'onopang'ono m'tsitsi. Patapita nthawi Modester anapendeketsa mutu.

"Amalume, kakuti tche, tche, tche pansi pa phokosopo n'chiyani? Tizimitse?"

A Goliati anamwetulira mpaka ufa unasweka m'makwinya a nkhope yawo.

"Iyayi, ameneyo ndi lamba. Amalira choncho masiku onse zinthu zikakhala bwino. Yamba wazolowera ameneyo. Ubwerenso Lolemba m'mawa."