Mbatata za M'mwezi wa Ramadani

Kodi anatuma Jenkins ku Mangochi ndani? Funso limeneli linamuwondetsa Enid. Nanunso talotani.

Awiriwa anakumana pasiteji ya basi Loweruka m'mawa, Enid atasenza dengu.

"Achemwali, dengulo likukulemerani," anatero mnyamata wa jekete lotuwa. "Mtima wangawu ndi wopepuka. Bwanji tisinthane?"

Enid anaseka mpaka kugwira pakamwa. Mnyamatayo anati dzina lake ndi Jenkins, wogula usipa wochokera ku Limbe. Sipanathe mwezi, tikalata tinayamba kupezeka pansi pa makina ake osokera, pakhonde la sitolo kwa Mponda.

"Duwa langa, ndikakuona ndimaiwala mtengo wa usipa. Ndidzakukwatira, zivute zitani!"

Koma Enid anali ndi chinsinsi. Mchimwene wake Basil anali mphunzitsi ku Blantyre. Tsiku lina chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chinagwa m'kalasi mwake, galasi n'kusweka. Atamva kuti ayufi, anyamata a chipani, akumufuna, anathawa osatsanzika, kusiya mkazi wake Dinah ali woyembekezera. Tsopano ankakhala ku Nkhudzi pakati pa asodzi achisilamu, atavala kofia, akudziwika kuti Iddi. Dengu la Loweruka lililonse linali lake.

Loweruka lina Jenkins anaperekeza Enid, ati akaone usipa. Anaima patali Enid akupereka dengu kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba, Basil n'kuyamba kudya mbatata za m'dengumo pomwepo. Pobwerera m'basi anamunong'oneza:

"Wapamtima, ndi Msilamu wanji amene amadya mbatata masana, m'mwezi wa Ramadani?"

Enid anauma thupi lonse. Mayo! Iye, mwana wa ku Angilikani, anali asanaganizeko za kusala.

"Akudwala," anayankha.

"Pepa naye," anatero Jenkins, akumwetulira.

Basi itafika pa chipata cha apolisi, amuna onse anatsika kukaonetsa makadi a chipani. Jenkins anasiya jekete pampando. M'thumba munkasuzumira kabuku. Enid anakatsegula.

"Basil. Wamtali, chipsera pachibwano. Mlongo wake: Enid, telala, kwa Mponda."

Ndiye maduwa onse aja anali nyambo? Ndani sankadziwa kumene ankathera anthu olembedwa m'timabuku totere?

M'mawa mwake sanapite kutchalitchi. Anakwera lole ya nsomba kubwerera ku Nkhudzi.

"Achimwene, thawani! Ndakubweretserani kazitape ndi manja angawa!"

Basil sanafunse zambiri. Anavula kofia, n'kuipereka kwa mlongo wake. "Ndidzera ku Namwera. Ukadzamuona Dinah, udzamuuze kuti sindinamutaye."

"Koma ku Mozambique kuli nkhondo!"

"Nanga kuno kuli chiyani?"

Lachiwiri Jenkins anatulukira pakhonde paja, envelopu ili m'manja. Enid anapitiriza kupalasa makina.

"Duwa langa..."

"Musanditchule duwa! Mwabwera ndi galimoto? Nditengeni ine. Amene mukumufunayo anawoloka malire dzana."

Nkhope ya Jenkins inagwa. Anakhala pa benchi ngati wamenyedwa.

"Enid, wachita chiyani? Ine si wa boma! Ndinali kalaliki wa loya. Ndinasiya kuti ndiyambe ntchito yanga yofufuza anthu osowa, mabanja awo akandipempha. Basil ndiye woyamba."

"Bodza! Bwanji simunanene?"

"Ndikananena kwa yani? Masiku ano wofunsafunsa amasowa naye limodzi. Ndimafuna nditsimikize kaye kuti Iddi ndi iyeyo. Kalatayi ndinaibisa m'denga ku resiti hausi, kuopa kusechedwa pamsewu."

"Nanga ine? Ndinali tsamba la m'kabuku?"

Jenkins anaweramitsa mutu. "Pasiteji paja, inde. Sindingakunamize kawiri. Koma tikalata tija ndinkalemba ndi mtima wanga."

"Mtima wopepuka uja?"

Jenkins anaimirira. Anaika envelopu pa nsalu imene Enid ankasoka. M'katimo munali chithunzi cha khanda lokutidwa m'shawelo, chibwano chake ngati cha Basil, ndi kapepala:

"Bambo a Ruti, bwererani kunyumba. Ahedi anachitira umboni kuti chithunzi chija chinagwa ndi mphepo. Nkhani inatha kalekale. Mwana wanu akuyamba kukwawa."

Misozi ya Enid inadontha pa kofia ya Basil imene inali pamiyendo pake. Enid anawadziwa bwino malembedwe opendekera aja.

Amene anatuma Jenkins anali Dinah, mkazi wa Basil.