Ndodo ya Filomena

Tsiku limenelo linkatha ngati masiku ena onse a chaka cha njala chija. Dzuwa linali litapendeka, udzudzu utayamba kulira, ife amayi asanu ndi atatu tili m'madzi olekeza m'chifuwa m'dambo la Ndindi, tikukumba nyika. Madzi osefukira anali atakwirira minda yathu kwa Nyachikadza ndi mchenga. Chakudya chinali chomwecho basi, timibulu takuda ta m'matope timene umafufuza ndi zala zakumapazi, n'kumira kukazula. Amene sanadyepo nyika mwezi wathunthu asandiuze za njala.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake. Aliyense amazika ndodo yansungwi pamene akukumba, kunsonga atamangirira kansalu kake. Munthu amabisika m'mabango, koma ndodo imaoneka patali. Ikakhala chiimire ndiye kuti mwini wake akadali m'madzi, ndipo bwato silichoka. Wozula ndodo ndi mwini wake yekha.

Tinapita pa mabwato awiri. Loyamba linanyamuka msanga. Lathu, lopalasa a Geresomo, linatsalira kudikira ife anayi. Ine mtima unali kunyumba. Ndinali nditasiya khanda la miyezi isanu kwa aneba, ndipo mabere anali atadzaza mpaka kuwawa.

Ndikutuluka m'mabango, ndinaona ndodo ya kansalu kachikasu ili chiimire pafupi ndi chulu cha matope. Inali ya Filomena, mlongo wa amuna anga a Fanuel, mayi wamasiye wa ana awiri. Ndinaitana kawiri. Zii. Filomena anali munthu woiwalaiwala, woti amasiya chidebe pamjigo n'kufika kunyumba chimanjamanja. Ndinati wakwera bwato loyamba lija, ndodo waiwala. Ndinadziwa kuti a Geresomo akaiona tikhala pamenepo mpaka mdima. Ndinaizula. Ndinaigoneka pansi m'bwato, matumba pamwamba, ndikuganiza zokamuseka nayo kumtunda.

A Geresomo anaimirira, nayang'ana dambo lonse.

"Palibe ndodo. Tiyeni."

Titafika padoko, ana a Filomena anali pomwepo akudikira mayi wawo. Amayi a bwato loyamba anayang'anizana.

"Si anatsala ndi inu?"

"Nkhabe!" anakana a Geresomo. "Ine ndinayang'ana. Ndodo panalibe."

Ndikanayankhula pamenepo. Malo ndinkawadziwa, pachulu paja. Koma kutchula malowo kunali kudziulula pamaso pa a Fanuel ndi ana aja. M'chisisira chomwecho ndinamasula kansalu kachikasu n'kukabisa m'chiuno, ndodo ziwiri ndinanyamula pamodzi. Palibe anandiyang'ana. Amuna a m'mudzi anayatsa matochi n'kubwerera kudambo. A Fanuel atandifunsa kumene ndinamuona komaliza, ndinangoloza ndi dzanja mbali yonse ya kum'mawa.

Nyumba yathu ndiyo yoyamba ukamachokera kudambo. Ndinayamwitsa mwana, ndinatseka chitseko, koma sindinadye. Kumtunda, kunyumba ya Filomena, amayi anali atayamba kale kulira chapansipansi. Kwathu kuno munthu akasowa m'dambo dzuwa n'kulowa, aliyense amadziwa kuti ndi ng'ona. Ndipo tonse tinakula tikuuzidwa kuti wotengedwa ndi madzi amabwera kudzaitana, ukamuyankha umamutsatira.

Poyamba achule anasiya kulira. Kenaka ndinamva mapazi. Sanali mapazi a munthu woyenda bwino. Phazi limodzi linkaponda, linalo linkakhwekhwereza. Anaima pakhonde. Fungo la matope a pansi pa dambo, lija lonunkha ngati mazira oola, linalowa m'nyumba.

Panalibe kugogoda. Chinachake chinangotsamira chitseko, matabwa n'kulira.

"Alamu."

Mawuwo anali ake, koma opyapyala.

"Alamu Evelesi. Fungulani."

Ankati nditsegule; Filomena akatopa ankayankhula Chisena. Ndinakumbatira mwana, dzanja ndinatseka pakamwa panga. Madzi anayamba kulowa pansi pa chitseko, pang'onopang'ono, akuda.

"Ndikumva kuzizira. Ndiphedzeni, alamu."

Ankapempha thandizo, ine ndinamva zina. Ndinati wabwerera ndodo yake. Ndinati kumene ali sangapume popeza sanazule yekha. Ndinakwawa mumdima, ndinamangiriranso kansalu kaja, n'kukankhira nsungwiyo panja kudzera pampata wa pansi pa chitseko. Inatuluka theka. Kenaka wina anaikoka.

Ndinkamva kupuma, kapena mwina kunali kupuma kwanga komwe.

"Kodi ndinu?"

Sanakalipe. Anafunsa modabwa chabe, ngati munthu wopeza mnzake pamalo posayembekezera. Chitseko chinapepuka. Ndinamva ndodo ikugunda pansi, phazi likukhwekhwereza, kuzungulira kuseri kwa nyumba. Ndinadikira kuti ndimve akupita kumtunda kwa ana ake. Sindinamvenso kanthu. Ndinakhala tsonga mpaka atambala analira, ndikupemphera mapemphero opanda mutu. Ndinkaopa, ndipo ndinkadzida.

Kutayera ndinatsegula. Pakhonde panali matope ouma ndi timadontho ta magazi. Ndinatsatira mapazi. Ndinamupeza kukhitchini kwanga, atakhala pafupi ndi mafuwa, msana atatsamira khoma, miyendo atayandikiza paphulusa. Matope anali atamukuta mpaka m'tsitsi. Mapazi anali ochekekachekeka ndi mabango, bondo limodzi lotupa. Chilonda cha ng'ona panalibe. Thumba la nyika linali likadali m'chiuno, lodzaza. Ndodo anaigwira ndi manja awiri.

Ndinakuwa. Anthu anathamanga, amuna aja nawo anali akungofika kumene. A Geresomo ataona ndodo ija anagwada n'kulira ngati mwana.

"Mwaona? Ndodo anali nayo mwini wake! Ine sindinasiye munthu."

Nkhani inathera pomwepo. Mpaka lero m'mudzi amanong'onezana kuti madzi anamutenga masana ndithu, ndodo yake yomwe, chifukwa palibe munthu wamoyo angadutse dambo la Ndindi wapansi mumdima, ng'ona zonse zija, n'kufika kumtunda. Amati chimene chinabwera usiku uja sichinalinso Filomena, unali mtembo wodzibweretsa wokha kuti ana ake aone poika maliro. Nditawauza kuti ndinamva mawu pakhomo, amayi akuluakulu anandiyamikira.

"Munachita bwino osatsegula. Bwenzi tikuika awiri."

A Fanuel nawo amatero. Ana a Filomena ndikulera ndine, ndipo wamkuluyo chaka chino wayamba kupita nafe kudambo. Anthu akamakamba nkhaniyi ine ndimangogwedeza mutu. Ndimafunitsitsa zitakhala zoona.

Koma woyamba kumugwira m'mawa uja ndinali ine, anthu asanafike. Ndinalowetsa manja m'khwapa mwake kuti ndimudzutse. Munali mukadali mofunda.