Nkhunda Ziwiri M'denga

Mutu wa bambo unayamba kuwawa Lachiwiri, ndipo pofika Loweruka makina awo osokera anali atangokhala zii pakona. Mwana wawo wotsiriza, mtsikana yemwe onse ankangomutcha Mzime, ankaima pakhomo la chipinda chosokeracho n'kumatchera khutu. M'denga munkamveka kulira kwapansipansi, ndipo iye yekha ndi amene ankadziwa mwini wake wa kulirako.

Panali patatha miyezi isanu bambo ataikidwa impso yomwe anapatsidwa ndi mlongo wawo, azakhali ake a Mzime. Tsiku lililonse ankamwa mankhwala ofoola chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisaikane impsoyo, choncho kachilombo kalikonse kakanatha kuwagwetsa. Adokotala ananena mosapsatira mawu kuti pakhomo pasakhale mbalame, chifukwa zitosi zake zikauma zimauluka ndi matenda. Amayi anagawa nkhunda za Mzime tsiku lomwelo, koma iye anabisako ziwiri n'kuzikweza m'denga kudzera pa chibowo cha pamwamba pa kabati. Nkhunda ziwiri zokha zingatani munthu wamkulu ngati bambo? Anaiwala kuti nkhunda sizidziwa za kulera. Zinaswana, ndipo kafumbi koyera kanayamba kuthothokera pa makina. M'mawa uliwonse bambo ankangokauzira ndi pakamwa, n'kuyamba ntchito.

Lolemba khosi la bambo linauma, anayamba kusanza, ndipo anawagoneka m'chipatala m'kachipinda kaokha. Aliyense wolowamo ankasamba m'manja n'kuvala chophimba pakamwa.

"Achimwene, ine ndinakupatsani impso yatsopano, yosagwako pansi," anatero azakhali. "Musandichititse manyazi." Ankaseka, koma dzanja lawo silinkachoka pa chipsera cha pamimba.

Adokotala, mayi wamfupi wa maso otopa, analowa ndi faelo. "Mankhwala tawapatsawa sakugwira. Ndifunsenso, kunyumba kuli nkhuku, nkhunda, mbalame ina iliyonse?"

"Olo imodzi, adokotala," anayankha amayi. "Ndinagawa ndi manja angawa."

Mzime anayang'ana nsapato zake. Chophimba pakamwa chija chinamuthandiza kubisa nkhope.

Masiku atatu anayenda nacho chinsinsicho. M'kalasi, aphunzitsi akamalemba pabolodi, iye ankangomva kulira kwa m'denga kuja. Akafika kunyumba ankapeza mpando wa bambo wopanda munthu, kafumbi kaja katadzaza pa makina popanda wokauzira. Ankachita mantha kuti bambo afa, komanso ankachita mantha ndi nkhope ya amayi akadzamva. Ndipo manyazi ake anali oti mantha achiwiriwo ndiwo ankapambana.

Lachinayi masana anakaona bambo akuchokera kusukulu. Dzuwa linkalowa pawindo mpaka pabedi. Bambo anatembenukira komwe kunamveka chitseko, maso ali tong'o.

"Mayi a Mzime, ndani wazimitsa magetsi?"

Mzime anatuluka chothamanga. Anawapeza adokotala kumapeto kwa khonde, nawagwira mkono.

"Zilipo," anatero akulira. "Nkhunda. Zili m'denga, pamwamba penipeni pomwe bambo amasokera. Ndinazibisa ndine."

"Kuyambira liti?"

"Chibwerereni bambo kuchipatala ataikidwa impso."

Adokotala sanamukalipire. Anangotembenuka n'kuyamba kuitana anamwino, kuti akatape madzi a mumsana wa wodwalayo n'kusintha mankhwala nthawi yomweyo. Mzime atacheuka anaona amayi ataima kumbuyo kwake. Anali atamva zonse.

"Lolemba lija unali pomwepo," anatero amayi motsitsa mawu. "Unandimva ndikulumbira." Mzime akanakonda akanangomumenya.

Bambo anatuluka patatha milungu isanu ndi umodzi, m'denga atakolopamo ndi mankhwala, chibowo atachikhomera. Impso ya azakhali inapulumuka. Koma diso lakumanzere linali litafa, ndipo lakumanja linkangoona ngati mu utsi.

Tsiku lina atamvako bwino anakhala pa makina awo. Ananyambita nsonga ya ulusi, naulozetsa pa singano. Unaphonya. Anayesanso, mphuno itatsala pang'ono kugunda chitsulo. Unaphonyanso. Munthu amene kale ankalowetsa ulusi uku akucheza ndi makasitomala, osayang'ana n'komwe.

"Mzime, ndikukumva kupuma pakhomopo. Tabwera undilowetsere."

Anayandikira. "Bambo, nkhunda zija..."

"Amayi ako anandiuza. Gwira ulusiwu, mwanawe, dzanja latopa."

Anagwada pafupi ndi mwendo wawo. Misozi inkamutchinga, kabowo ka singano osaoneka, mpaka anaphonya katatu. Kachinayi ulusi unalowa.

"Mawa usanapite kusukulu udzandilowetserenso," anatero bambo. "Ndi mkuja."

"Tsiku lililonse, bambo."

Iwo anagwedeza mutu, n'kuyamba kupapasa nsalu ndi zala kufunafuna m'mphepete mwake.