Makomo Onyowa a Msewu wa Osoka Nsapato

Zhor ankasesa pakhomo pake monga mwa masiku onse, mwazini asanaitanire pemphero la madzulo, pamene tsache linakhudza madzi. Mvula inali isanagwe kwa miyezi isanu. Anawerama n'kununkhiza. Linali fungo la kafuru, mankhwala osambitsira mitembo, ndipo iye sakanalisokoneza, poti kwa zaka makumi awiri ndiye ankasambitsa maliro a akazi m'tauni yathu.

Kwathu kuno madzi a maliro akathiridwa pakhomo, nyumbayo yatha. Zinayambira kwa Mbarek wosoka nsapato. Pakhomo pananyowa, m'mipope munayamba kumveka ngati munthu akutsukuluza m'kamwa, kenako mkazi wake anamwalira osadwala n'komwe. Mbarek anagulitsa nyumba ya zipinda zinayi pa mtengo wa khola la mbuzi. Ena asanu anatsatira. Zinatiwawa kwambiri, chifukwa chaka chomwecho mphekesera ya msewu watsopano inali itakweza mitengo ya nyumba, amphawife tikuyenda ngati mabwana.

Zhor anali atatopa. Msana unali utakana kutembenuza mitembo, ndipo chiyembekezo chake chinali chimodzi: kugulitsa nyumbayo pa mtengo wabwino, akapume kwa mchemwali wake ku mzinda wa Meknes. Anawaza mchere pakhomopo mwakachetechete, osauza munthu.

Tiyi asanawire, anafika Allal, mkamwini wake, dobadoba wa nyumba wa pakamwa potsekemera.

"Amayi, pepani, ndamva kuti panyowa. Pali munthu angakupatseni theka la mtengo, koma tichite lero, anthu asanamve."

"Iwe wamva kwa ndani, Allal?"

Allal anayang'ana nsapato zake. Apa Zhor anakumbukira. Akamaliza kusambitsa maliro, madziwo amakatayidwa m'dzenje kuseri kwa manda, ndipo chaka chonsechi Allal ndiye ankathamangira kunyamula ndowa ya madziwo. Azimayi ankamuyamikira kuti mkamwini waulemu ngati ameneyu kulibe. Zhor anagwira mkono wa mkanjo wa Allal n'kuufikitsa pamphuno. Unkanunkha kafuru.

"Ndowa zanga zija umakataya kuti?"

"Ndi madzi chabe, amayi! Mtengo wa nyumba ndi mantha a anthu basi. Msewu ukafika ndigulitsa kuwirikiza katatu, zidzukulu zanu zidye."

"Nanga mkazi wa Mbarek?"

"Imeneyo inali nthawi yake."

"Ndi pakhomo panga pomwe, mwana wopanda manyazi iwe?"

Zhor sanakanene kwa aliyense. Akananena bwanji, mwana wake ali pabanja pamenepo? Anangosiya ntchito yosambitsa maliro, ndowa zonse n'kuzikhomera m'chipinda, kiyi n'kumangirira m'khosi.

Msewu uja unadza ndithu, koma unadutsa tsidya lina la mtsinje. Allal anatsala ndi makiyi a nyumba zisanu ndi imodzi zimene anagula mwakabisira, akulira jegwejegwe m'thumba, wofunsa mtengo palibe. Ndipo makomo sanaume. Dzuwa likamalowa pankanyowa kwa Mbarek, pankanyowa kwa Zhor, kenako msewu wonse, ngakhale pakhomo pa wophika buledi amene sankafuna kugulitsa kanthu. Kafuru ankamveka mu buledi momwe. Mchere unatha m'magolosale. Ogula ochokera ku Meknes ankatsitsa galasi la galimoto, kununkhiza, n'kubwerera.

Tsiku lina Allal anamupeza Zhor akusesa madziwo pansi pa chikwangwani chake chogulitsa nyumba, chimene dzuwa linali litafufuta. Allal anali atawonda.

"Amayi, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, si ine tsopano."

"Ndikudziwa. Ndowa zonse zili m'kati, zouma."

"Nanga akuthira ndani?"

Zhor anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. Ku Meknes anali atasiya kukuganizira.

"Eni ake madziwo, Allal, anthu amene ndinawasambitsa aja. Unawaonetsa njira ndiwe, ndipo iwo sagula nyumba, amangolowa." Anamupatsa tsache lija. "Gwira, ine msana watopa."