Wina Walowa m'Kompyuta ya Eilif

Lachisanu limenelo mdima unagwa anthu asanaweruke, monga umachitira nthawi yozizira kumpoto kwa Norway kuno. Pa wailesi ankati namondwe ali m'njira ndipo mlatho wolowera pachilumba pano utsekedwa. Bwana wa kampani yoweta nsomba sanachulutse gaga m'diwa: sabata yamawa aliyense agwirire ntchito kunyumba. Mtolo wonse unagwera Torunn, wosamala makompyuta a mu ofesimo.

Ntchito yake siinali yovuta, kungoti yotopetsa. Pa kompyuta iliyonse ankatsegula njira yoti mwini wake azilowamo ali kwawo, n'kuiletsa kugona tulo, kenako n'kuiyesa ndi laputopu yake. Koma mtima sunali m'malo. Ankakhala, kudzuka, kupsontha khofi wozizira, kukhalanso.

Kompyuta ya pakona anaisiya dala kuti ikhale yomaliza. Inali ya mlongo wake Eilif, woyendetsa boti la kampani lotchedwa Terna, lomwe linamira mwezi wathawo. Boti silinapezeke, Eilif sanapezeke. Mayi awo anakaniratu za maliro. Ankati sangaike m'manda bokosi lopanda munthu, ndipo tsiku lililonse ankafunsa Torunn ngati ofufuza apeza malo. Funso limenelo linkamusowetsa tulo.

Chitseko chinalira. Anali mayi Gunvor okolopa, ndowa kumanja.

"Ukadali pano, iwe? Makinawa akukwatira, ndithu."

"Akanakhala omvera bwenzi nditalola kale, mayi."

Bwana anali atanena kuti kompyutayo aikonzere wantchito watsopano. Torunn anakhala pampando wa Eilif, n'kulowa ndi dzina la Eilif kuti asunge kaye zinthu zake. Anatsegula njira ija monga anachitira kwa ena onse.

Sikirini inaphethira. Zonse zinafufutika. Kompyutayo inali itamutulutsa.

Panatsala mawu ochepa okha, akuti wina walowa kuchokera kutali. Pansi pake panali dzina la makina omwe walowera. Terna.

Laputopu ya m'botimo Torunn anaikonza yekha, ndipo inali pansi pa nyanja. Anathamanga kukaona laputopu yake, poganiza kuti mwina ndi imene yalowa. Inali yotseka. Anabwerera. Kanyale ka pa kompyuta ya Eilif kankaphethira mosalekeza, makina akulira chapansipansi ngati munthu ali kalikiliki.

Mayi Gunvor anaima kumbuyo kwake, chokolopera chikudontha.

"Ndani ameneyo?"

"Akuti ndi boti."

Mayiwo sanaseke. Anayang'ana pansi pa tebulo. Panali ponyowa, chonsecho anali asanakolopepo. Fungo la m'nyanja linali litadzaza pakonapo.

"Akutani?"

"Sindingaone. Wakutali akalowa, wa pano saona kanthu. Kompyuta imalola munthu mmodzi basi."

"Ndiye ukalowa iwe?"

"Iye atuluka."

"Msiye amalize, mwana wanga."

Torunn anayesetsa kudikira, tisamunamizire. Anayenda kukafika pawindo, n'kubwerera. Mphepo inkakankha magalasi. Anavala jekete, n'kuivulanso. Kanyale kankaphethirabe. Nanga akamaliza n'kutseka zonse? Nanga akachoka osasiya kanthu? Mawu a mayi ake ankalira m'mutu mwake. Anali ndi mantha, koma choposa mantha chinali kufunitsitsa kudziwa.

Kanyale kanaima pang'ono.

"Akupita," anatero Torunn.

"Akupuma chabe. Khala pansi, iwe."

Koma zala za Torunn zinali zitafika kale pa mabatani. Analemba dzina, analemba mawu achinsinsi, n'kudina.

Sikirini inatseguka. Panali mapu a nyanja, omwe Eilif ankagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Zinkaoneka kuti wolowa uja ankawakulitsa pang'onopang'ono, chifukwa kunyanja intaneti imayenda ngati nkhono. Anali atayambira kutali, n'kumayandikira, n'kumayandikira. Koma pamene Torunn ankamutulutsa, anali asanafike. Pa sikirini panali madzi okhaokha, kuyambira chilumba china kufikira chinzake, dera loti boti lingazungulire mwezi wathunthu. Panalibe kadontho, panalibe chizindikiro.

Torunn anatuluka msangamsanga kuti amusiyire malo.

"Eilif, ndachoka. Bwera umalize."

Kanyale sikanaphethirenso. Mayi Gunvor anakolopa pansi paja mwakachetechete, n'kupita. Torunn anakhala pomwepo mpaka kunja kunacha, ndipo panalibe amene analowa.

Nkhani siigona pachilumba. Lolemba lisanafike, m'golosale monse ankanong'onezana. Ena ankati ndi makina osokonekera ndi namondwe. Asodzi okalamba ankapukusa mitu. Ankati munthu wa pansi pa madzi amabwera kamodzi kokha, akapeza khomo lotsegula, ndipo sathamangitsidwa. Wantchito watsopano anakana kukhala pakona paja. Kompyutayo ikuyakabe mpaka lero, njira yake ili yotsegula.

Mayi ake a Torunn anazimva m'golosale momwemo, akugula buledi. Sanalire, sanakalipe. Madzulo ake anamuikira chakudya patebulo, n'kukhala moyang'anana naye.

"Sukanadikira pang'ono, Torunn?"