Kapepala ka Pamwendo Wamanzere

Mphunzitsi wa sayansi anatseka ofesi anthu atagona kale. M'mawa mwake ankayenera kupereka kwa osindikiza mbiri ya nyumba yosungiramo nyama zoumitsa ya pakolejipo. Ntchitoyo ankaiona ngati chipongwe. Munthu wa madigiri atatu kulemba za akadzidzi othothoka nthenga ndi njoka za m'mabotolo!

Mayina a mapulofesa anawalemba onse. Koma panali dzina lina limene linkamunyansa, la munthu amene anasenda nyamazo, kuzisoka, n'kumangirira kapepala kumwendo wamanzere wa iliyonse. Usiku umenewo analifufuta.

"Wantchito wamba," anatero. "Mawa tidzalembanso wosesa?"

Njira yake inkadutsa kuseri kwa nyumba ya nyama zoumitsa ija. Fungo la mankhwala a njenjete linamupeza asanaone munthu. Pakhonde panakhala mdala wovala epuloni, singano ndi ulusi zili m'manja.

"Mwaswera, aphunzitsi? Kambuku uja mwalemba kuti anasoka ndani?"

"Iwe, zikukukhudza chiyani? Kuwerenga umadziwa n'komwe?"

"Pepani, bwana. Kungoti muno chinthu chopanda kapepala timachiyesa chinyalala."

Mphunzitsi anatsonya n'kupitirira. Kumbuyo kunamveka mapazi... Anaima. Zii! Anayendanso. Mapazi aja anayandikira. Fungo lija linakula. Kenako chinthu chozizira chinamugwira mwendo...

Analiyatsa liwiro!

Pageti anagwera m'manja mwa mlonda wokalamba, amene iye anali asanamupatsepo moni chibwerere.

"Chidakwa china cha epuloni! Mumalondera chiyani anthu inu?"

Tochi ya mlondayo inali italoza pansi. Pamwendo wamanzere wa mphunzitsiyo panalendewera kapepala, komangidwa ndi ulusi mfundo ziwiri. Mlonda anawerama n'kuwerenga pang'onopang'ono:

"Yamphongo. Yagwidwa kuseri kwa nyumba. Mtundu wake wamba, imapezeka paliponse."

M'munsi mwake munali dzina limene iye analifufuta lija, inki isanaume.

"Ali kuti? Kamugwireni!" Mawu a mphunzitsi anatuluka ngati a mwanapiye.

Mlonda anavula chipewa.

"Tikamugwire kuti, bwana? Bokosi lake ndinanyamula nawo ine ndemwe, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Panalibe pulofesa ngakhale mmodzi amene anabwera kumaliro." Anawunika njira imene mphunzitsi anadzera. "Osindikiza paja akufika mamawa? Ku ofesi mubwerera nokha, kapena ndikuperekezeni?"